Kodi Wolangizidwa Angaweruze Mlangizi Wake?

Pa tchuthi chapitachi mlongo wanga wamng'ono adabwera kwathu ku Balaka ndi funso limene lidandisowetsa tulo. Iye akuphunzira pa koleji ina kutali ndi kwathu, ndipo asanatsekere adauzidwa kuti akadzabwerera adzapatsidwa fomu yoti alembepo maganizo ake pa mphunzitsi amene adaikidwa kukhala mlangizi wake. Tidali titakhala pakhonde madzulo, amai akusenda chinangwa chapafupi, pamene iye adandifunsa kuti, "Achimwene, kodi pa pepala limenelo ndikalembe zoona, kapena ndikalembe zoti ndimalize sukulu mwamtendere?" Ndisanatsegule pakamwa amai adayankha ali chiweramire: "Iwe, udayamba liti kuwerengera akuluakulu zolakwa? Ukalembe kuti zikomo, basi."

Ndidaseka, koma kuseka kwake kudali kwa manyazi, pakuti zimene amai adanenazo ine ndidazichitapo. Pamene ndinkaphunzira pa koleji ina, imene sindiitchula dzina, ifenso tidapatsidwa fomu yotereyi. Alangizi anga ndidawaona kamodzi kokha chaka chonsecho, tsiku losaina mapepala, ndipo dzina langa adachita kuliwerenga pa ndandanda. Komabe pa funso lililonse ndidachonga kuti "bwino kwambiri". Mnzanga amene adakhala pambali panga adali atalephera mayeso a aphunzitsi omwewo, ndipo iye adachonga "zoipa kwambiri" kuyambira pamwamba mpaka pansi, osawerenga ndi funso limodzi lomwe. Tonse awiri tidanama, wina kaamba ka mantha, wina kaamba ka mkwiyo. Mapepala aja adatoleredwa, ndipo mpaka tsiku lotsanzikana ndi koleji sitidamvenso za iwo.

M'nkhani imeneyi mudali anthu anai: ine, mnzanga, alangizi, ndi munthu amene adatolera mapepala. Ndakhala ndikudzifunsa kuti mwa anaiwa adalakwa koposa ndani. Funsoli limaoneka laling'ono, la kumapeto kwa teremu pamene mitima ili kale kokwerera basi, koma m'kati mwake muli nkhani ya ulemu, ya choonadi ndi ya mphamvu, ndipo likukhudza inu amene mumachonga pamodzi ndi inu amene mumachongedwa.

Tiyambe ndi kuona chifukwa chake ulangizi uli wolemera kwa ife a ku Machinga ndi ku Balaka, maboma awiri amene adali boma limodzi mpaka m'chaka cha 1998. Ambiri mwa ife amene timafika ku koleji ndife oyamba m'banja mwathu kupondako. Abambo anga amadziwa tsiku lobzala thonje poyang'ana mitambo, amadziwanso nthawi yopopera mankhwala, koma sangandiuze phunziro loti ndisankhe, chochita ndikalephera mayeso, kapena khomo loti ndigogode fizi ikachedwa. Mwana wa munthu wophunzira wa mu mzinda amamva zimenezi akudya nsima ndi makolo ake. Mwana wa ku Phalula kapena wa ku Chikweo amazimva kwa mlangizi, ndipo mlangizi akakhala chete ndiye kuti sazimva konse, kapena amazimva kwa anzake ogona nawo chipinda chimodzi, amene nawonso akungopapasa.

Taonani za aphunzitsi a pulaimale. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi, amene kwao ndi ku Machinga komweko, lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba ntchito anthu pafupifupi 20,000 amene sadaphunzire za uphunzitsi, nkuwatumiza m'makalasi atangosulidwa masabata owerengeka. Anthu amenewo adaphunzira ntchito ali pantchito, ndipo zambiri zidadalira munthu amene adampeza pasukulupo, ngati adali wowagwira dzanja kapena wongowalozera kalasi ndi chala. Kuchokera nthawi imeneyo dziko lakhala likuonjezera makoleji a aphunzitsi, ndipo imodzi mwa iwo ndi Machinga Teachers' Training College ya ku Liwonde. Ndondomeko ya maphunziro a aphunzitsi a pulaimale imene idakonzedwanso m'chaka cha 2017 idagawa zaka 2 motere: materemu 2 ku koleji, materemu 2 ku sukulu ya pulaimale kukayeserera kuphunzitsa, kenaka materemu 2 ku koleji kachiwiri. Wophunzira wotere amadutsa m'manja mwa alangizi amitundu iwiri, aphunzitsi a ku koleji ndi mphunzitsi wa pasukulu amene wapatsidwa udindo womuyang'anira. Ulangizi ukalakwika apa, wolipira si iye yekha ai. Amalipiranso ana onse amene adzakhala pansi patsogolo pake pa zaka 30 za ntchito yake.

Tsono amai sadalakwe kotheratu, ndipo si bwino kutaya mau ao ngati a munthu wosapita kusukulu. Kwathu wolangizidwa sapatsidwa mpata woyesa womulangiza. Namwali safunsidwa kuti phungu wake wagwira bwanji ntchito. Mnyamata wotuluka ku jando, kapena mtsikana wotuluka ku nsondo, palibe amene amamuitana kuti anene ngati adalangidwa bwino. Maganizo ake ndi akuti munthu amene akadatha kusiyanitsa malangizo abwino ndi oipa sakadasowa mlangizi. Maganizo amenewa si a kumudzi kokha. Plato, m'buku lake lotchedwa Gorgias, adafanizira munthu wonena zoona ndi dokotala amene akuzengedwa mlandu pa bwalo la ana, womuneneza ali wophika zotsekemera. Dokotala adawamwetsa anawo mankhwala owawa, wophika adawapatsa zokoma zokhazokha. Nanga anawo adzagamula mokomera yani?

Ofufuza a masiku athu ano adapeza kuti mantha a Plato sadali opanda pake. M'chaka cha 1973 kudasindikizidwa zotsatira za kuyesa kwina kumene kudachitika ku University of Southern California. Ofufuzawo adatenga munthu wochita zisudzo dzina lake Michael Fox, adamuveka dzina loti Dr Myron L. Fox, nkumuimika kuti akambe nkhani ya ukatswiri pamaso pa madokotala a matenda a maganizo ndi aphunzitsi. Nkhaniyo idali yopanda mutu, yodzitsutsa yokha, koma iye adaikamba mwanthabwala ndi molimba mtima, ndipo omvera ambiri adaiyamikira pa fomu. M'chaka cha 2010 Scott Carrell ndi James West adaonetsa zimene zinkachitikira ophunzira masamu ku United States Air Force Academy, kumene wophunzira sasankha yekha mphunzitsi. Aphunzitsi amene ophunzira ao adakhoza bwino mayeso a phunziro loyamba ndiwo adayamikiridwa kwambiri pa fomu, koma ophunzira omwewo adavutika kuposa anzao m'maphunziro otsatira. Zimenezi zidali za kaphunzitsidwe, komatu ulangizi uli pa ngozi yomweyo. Mlangizi amene auza mnyamata kuti, "Phunziro ukulifunalo sungalithe usanakonze masamu ako," sadzakondedwa ngati uja amene amangoti, "Zonse zili bwino, pita." Koma tisaiwale kuti amene adanamizidwa ndi Michael Fox sadali ana, adali anthu ophunzira kale. Kukonda mau okoma si matenda a ubwana okha.

Tikadaimira pomwepa, bwenzi mafomu onse titakolezera moto. Koma pali mbali ina imene Aristotle, wophunzira wa Plato yemweyo, adaiona. M'buku lachitatu la Politics adaonetsa kuti pali ntchito zina zimene wozigwira si ndiye woziweruza bwino koposa, ndipo adapereka chitsanzo cha nyumba ndi cha phwando: wogonamo ndi wodya ali ndi chonena chimene womanga ndi wophika alibe. Ifenso timazidziwa zimenezi. Mmisiri wofolera amadziwa kumanga udzu, koma pamene pakudontha amapadziwa ndi amene mphasa yake yanyowa usiku.

Pali zinthu tsono zimene wolangizidwa yekha ndiye amazidziwa. Ndiye amadziwa kuti adagogoda kangati pa chitseko chosatsegulidwa. Ndiye amadziwa ngati mau amene adauzidwa adawamvetsa, kapena adangogwedeza mutu poopa kuoneka wopusa. Ndiye amadziwa ngati adatuluka muofesi akudziwa chochita mawa lake. Ndiyenso amadziwa kuti nkhani yeniyeni imene idamubweretsa, ya njala, ya maliro kapena ya mimba, adabwerera nayo chifukwa mlangizi ankayang'ana wotchi. Mlangizi sangazione zimenezi ngakhale atakhala woona mtima chotani, monga momwe munthu saona kunkhongo kwake. Mkulu wa koleji naye sangazione, pakuti iye akalowa muofesi onse awiri amasintha nkhope. Burns Crookston, polemba m'chaka cha 1972, adasiyanitsa ulangizi wamitundu iwiri. Wina ndi wonga wa dokotala wolemba mankhwala: iye anena, wodwala amvera. Wina ndi umene awiriwo amagwirira limodzi, cholinga chili chakuti wophunzira afike podzisankhira yekha mwanzeru. Koleji imene ikufuna ulangizi wachiwiriwu siingadziwe ngati ukutheka popanda kufunsa munthu amene akuyenera kukulayo.

Apa ndi pamene ndikuona kuti funso limene lili pamutu pa nkhani ino timalifunsa molakwika. Pa bwalo la mfumu pali mboni ndipo pali woweruza. Mboni ingakhale mwana woweta mbuzi. Ngati ndiye adaona ng'ombe zikulowa m'munda, mfumu yanzeru imamumvera, koma siimufunsa kuti mwini ng'ombe alipire zingati. Mau a wophunzira ndi umboni. Mafomu ambiri amalakwa pomufunsa chigamulo: "Kodi mlangizi wako ndi wabwino? Mpatse malikisi kuyambira 1 mpaka 5." Funso lotere lilibe pogwira, ndipo nchifukwa chake limaitana mantha anga ndi mkwiyo wa mnzanga uja. Mafunso a umboni ndi ena. Mudakumana kangati teremu ino? Adaitana mnzake ndani? Udadikira masiku angati? Nchiyani chimene udachidziwa mochedwa, chimene ukadakonda kuuzidwa sabata yoyamba? Ndi funso liti limene udalephera kufunsa, ndipo chidakuletsa nchiyani? Ndikadafunsidwa motero sindikadasowa poyambira, pakuti kunena kuti "kamodzi" ndi kuwerenga chabe, si mwano. Ngakhale amai sakadaona chipongwe mwa mwana amene wangowerenga masiku.

Chinthu china ndi nthawi yofunsira. Makolo adati mau a akulu akoma akagonera, ndipo mwambi umenewu kawirikawiri timaumva pamene wina akufuna kutseka ana pakamwa. Koma ukaumvetsetsa, sukuletsa kufunsa mwana; ukungonena kuti afunsidwe mau atagonera. Mlimi wa thonje wa ku Utale sayesa mlangizi wa zaulimi tsiku la msonkhano pansi pa mlambe. Amamuyesa pa sikelo, thonje litakololedwa. Ndondomeko ija ya materemu 2, 2 ndi 2 idapereka mwai umene maphunziro ena ambiri alibe, woti wophunzira amapita kukayesa malangizo nkubweranso. Taganizirani mtsikana wa ku Dedza amene watumizidwa ku sukulu ya kufupi ndi Nayuchi, nkupeza ana a Sitandade 1 amene kunyumba amalankhula Chiyao kapena Chilomwe, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, mabuku osakwanira. Iye amabwerera ku koleji ali munthu wina. Tsopano akudziwa malangizo amene adamupulumutsa ndi amene adasungunuka tsiku loyamba lomwe. Mwina mphunzitsi amene adamuda chifukwa chomubwezera katatu chikonzekero cha phunziro ndi amene akumuthokoza lero. Mwinanso wabwera ndi chinthu chimene alangizi ake sadachionepo, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kumufunsa asanapite, kumufunsanso atabwerera, nkuika mayankho awiriwo pamodzi, kungaphunzitse koleji zambiri kuposa malikisi onse amene ophunzira angachonge ali pa changu cha mayeso.

Tsopano ndifike pa mantha a aphunzitsi, amene ophunzira sakonda kuwaganizira. M'dziko muno mau a wophunzira onena za mphunzitsi wake ali ndi mbiri yoipa. M'nthawi ya chipani chimodzi mphunzitsi ankalowa m'kalasi akudziwa kuti mwa omvera ake mungakhale khutu la boma, ndipo ena adakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Zimenezi sizidathere pa 1994. M'mwezi wa February 2011 a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, adaitanidwa ndi mkulu wa polisi, a Peter Mukhito, kuti akafotokoze chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu ndi zimene zidautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi adakana kulowa m'kalasi, nati sangaphunzitse m'chipinda chokhala ndi akazitape. Aphunzitsi 4, mwa iwo a Jessie Kabwila, adachotsedwa ntchito nkudzabwezeretsedwa pambuyo pake, ndipo mkanganowo udatenga pafupifupi miyezi 8, maphunziro ali chiimire. Mphunzitsi amene amakumbukira zimenezi akaona fomu yopanda dzina ikuzungulira m'kalasi, yonena za iye, ali ndi chifukwa chodera nkhawa.

Kodi tsono kuunika mlangizi kumasiyana pati ndi ukazitape? Pa pepala pangalembedwe mau ofanana. Kusiyana kuli pa njira imene mauwo ayenda. Kazitape amamvetsera mobisa, wonenedwayo osadziwa kuti akuonedwa, osadziwanso muyeso umene akuyesedwa nawo. Mau amakwera kwa wamphamvu, ndipo amatsika ali chilango. Kuunika koyenera kumachitika poyera. Mlangizi adziwiretu mafunso, makamaka akhale nawo powakonza. Mayankho afike kwa mwini wake poyamba. Apatsidwe mpata woyankha. Ndipo cholinga chikhale chokonza ntchito. Inde, wakutsina khutu ndi mnansi, koma amatsina khutu lako, sakatsina la mfumu.

Nanga dzina la wolemba libisike? Ine ndikuti libisike, ndipo chifukwa chake chili m'Chichewa chathu chomwechi. Mau akuti kulanga ali ndi nkhope ziwiri: timalanga namwali pomupatsa mwambo, timalanganso wolakwa pomupatsa chilango. Mlangizi wa ku koleji kawirikawiri ali nazo nkhope ziwirizi, pakuti yemweyo amene akukupatsa nzeru lero ndiye adzachonge mayeso ako mawa. Mbiri yathu idaonetsa chimene chimachitika ziwirizi zikaphatikizana. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza malamulo a malimidwe, ndipo mlangizi wa zaulimi adasanduka munthu wolipiritsa ndi womangitsa amene sadalime monga adalamulira. Anthu adadana ndi malangizowo ngakhale pamene mudali nzeru, ndipo Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu, oyandikana nafe, idachotsedwa paufumu m'chaka cha 1953 itauza anthu ake kuti asawatsate. Munthu amene ali ndi mphamvu yolanga samva zoona zambiri. Pa 14 June 1993 Amalawi adatha kusankha pakati pa nyali ndi tambala chifukwa aliyense adalowa yekha m'kachipinda koponyera voti. Wofooka amanena zoona akatetezedwa.

Kubisa dzinako kukhale kwenikweni. M'gulu la ophunzira 10 mlangizi amadziwa kalembedwe ka aliyense, kotero mayankho aziphatikizidwa ndi kulembedwanso ndi munthu wina asanafike kwa iye, ndiponso azifika malikisi atatuluka kale. Njira imeneyi si yachilendo kwathu. Mkamwini sadzudzula apongozi ake maso ndi maso. Amadzera kwa nkhoswe, imene imachotsa ukali m'mauwo nkusiya mfundo yake. Ulemu umene amai ankauteteza pakhonde paja sulamula kuti mwana akhale chete mpaka kale. Umalamula kuti mau ake adzere m'njira yake.

Koma chitetezo chimenechi chili ndi mtengo wake kwa inu ophunzira. Amene wabisidwa dzina wasenzetsedwa udindo wokhala woona kuposa amene akuonekera, pakuti wonenedwayo sangamupanikize ndi mafunso. Mnzanga uja adapezerapo mwai pa mdima nkuponya mwala. Palinso kukondera kumene timachita osadziwa. Anne Boring, m'kafukufuku wake wa m'chaka cha 2017 pa yunivesite ina ya ku France, adapeza kuti ophunzira aamuna ankapatsa aphunzitsi aamuna malikisi ochuluka, chonsecho pa mayeso ophunzira a aphunzitsi aakazi sadatsalire. Tisanachonge tizidzifunsa ngati tikadalemba zomwezo mlangiziyo akadakhala wa mtundu wathu, wa chipembedzo chathu, kapena wa kwathu. Ndiponso tisasakanize zinthu. Mlangizi wofuna chibwenzi kwa wophunzira posinthana ndi malikisi si nkhani yodikira fomu ya kumapeto kwa teremu. Umenewo ndi mlandu, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limauletsa, ndipo uyenera kukhala ndi khomo lake lotseguka tsiku lililonse.

Ndafika tsopano pa munthu wachinai, amene adatolera mapepala athu. Zaka zonsezi ndinkadziimba mlandu ndekha ndi mnzanga uja, koma lero ndikuona kuti cholakwa chachikulu chidali kwa iye ndi kwa amene adamutuma. Kufunsa munthu maganizo ake ndi lonjezo. Ukafunsa mnzako kuti, "Mwadzuka bwanji?" iye nkuyankha kuti mwana wadwala usiku wonse, iwe nkungopitiriza ulendo wako, wamuchitira chipongwe choposa ukadapanda kumupatsa moni. Amene wafunsa ali ndi ngongole ya yankho. Koleji imene imatolera mafomu chaka ndi chaka kuti ikaonetse oyendera kuti ili ndi ndondomeko, kenaka nkuwatsekera m'kabati kuti chiswe chidye, ikuphunzitsa phunziro limene silili pa ndandanda, loti mau a wamng'ono ndi ongokwaniritsira mwambo. Poyamba ophunzira amalemba zoona, kenaka amalemba mwachidule, potsiriza amachonga osawerenga, ndipo pamenepo akuluakulu amati ana amakono alibe maganizo. Ngati wophunzirayo ndi mphunzitsi wa mawa, adzapita nalo phunzirolo ku Ntaja kapena ku Ulongwe, nadzafunsa ana ake kuti, "Mwamva?" akufufuta kale pa bolodi.

Kubweza ngongoleyi sikulira ndalama zambiri. Teremu yotsatira ikamayamba, pa bolodi la zidziwitso pakhomedwe pepala limodzi lonena zinthu zitatu: zimene tidamva, zimene tisintha, ndi zimene sitingathe kusintha pamodzi ndi chifukwa chake. Chachitatuchi nchofunika ngati ziwiri zinazo. Wophunzira wa ku koleji si mwana wolirira nyanga ya nsatsi. Akauzidwa kuti mlangizi sadafike ku sukulu imene ankayeserera kaamba koti mlatho udakokoloka ndi mvula ndipo galimoto ndi imodzi, amamvetsa. Chimene samvetsa ndi kukhala chete. Oyendera makoleji nawo, kaya ndi a ku unduna kaya ndi a National Council for Higher Education, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, asamakhutire ndi kuona mulu wa mafomu. Azifunsa kuti yankho lidakhomedwa pati, ndipo chidasintha nchiyani.

Pali chinanso chimene akuluakulu a makoleji ayenera kuchilandira molimba mtima, chakuti mayankho a ophunzira kawirikawiri saloza mlangizi yekha. Ngati ophunzira ambiri anena kuti adakumana naye kamodzi, mwina mlangiziyo ndi waulesi. Mwinanso wapatsidwa ophunzira ochuluka pamwamba pa makalasi ake onse, alibe chipinda chokambiramo nkhani zachinsinsi, sadasulidwepo pa za ulangizi, ndipo pokweza anthu pantchito palibe amene amawerengera maola amene adakhala ndi wophunzira wolira. Alangizi anga aja, ndidazindikira pambuyo pake, adali ndi mtolo wotere. Kutenga fomu nkukwapulira munthu wotereyu kuli ngati kukwapula ng'ombe pamene wolakwa ndi amene adadzazitsa ngolo. Ndikadalemba zoona tsiku lija, ndi anzanga onse nkulemba zoona, pepalalo likadakhala umboni wowathandiza iwo eni pokapempha kuti mtolo uchepe. Ulemu wanga wabodza udawalanda umboni umenewo.

Tsiku lobwerera kusukulu litafika, mlongo wanga akumanga katundu pakhonde pomwe paja, ndidamuuza kuti, "Chemwali, ukalembe zimene udaona ndi masiku amene udawerenga. Usakalembe zimene udangomva kwa anzako, ndipo usakalembe uli ndi mkwiyo. Ngati pali chabwino chimene adakuchitira ukachitchule bwinobwino, pakuti nachonso ndi umboni. Ukakamaliza, ukafunse mwaulemu amene akutolera mapepalawo kuti yankho mudzalimva liti." Iye adati, "Nanga akakandiona ngati wamwano, achimwene?" Sindidathe kumulonjeza kuti zimenezo sizingachitike. Ndidangomuuza kuti asakafunse yekha, akafunse pamodzi ndi anzake kudzera mwa amene adawasankha kuti aziwaimira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amai, amene adamva zonsezi akumangira mwana wao ufa ndi nandolo, sadatsutse. Adangoonjezera kuti zikomo uja asakamuiwale, ndipo akamulembe poyambirira. Pamenepo ndidagwirizana nawo.